KODI INJINI IMAWIRA CIFUKWA CIANI?

Mwezi wa Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu a pa Thuchila amaona nthawi zina basi kapena lole itaima m'mbali mwa mseu wa ku Limbe, nthunzi iri tolotolo. Ena amati galimoto yatopa. Iai, siitopa, koma cina mwa zinthu zoziziritsa injini caleka nchito yace. Tiyeni tione m'mene zinthuzi zigwirira nchito.

Injini imayenda ndi moto. Dizilo akamapsya m'kati mwace, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a kutenthako ndilo likankha galimoto. Gawo lina lituluka ndi utsi, ndipo lotsalalo lilowa m'citsulo. Likapanda kucotsedwa, zitsulo zimatupa ndi kugwirana, injini nifa.

Cocotsa kutenthako ndi madzi. Pampu imawazunguliza m'tinjira ta m'kati mwa injini, ndi kuwatumiza ku rediyeta, imene iri ndi timipope tambiri tating'ono. Mphepo ikadutsa pakati pa timipopeto madzi azizira, monga phala lizizira msanga tikamaliuzira m'mbale yotambalala. Injini imagwira bwino madzi akakhala pa madigiri 80 kufikira 90.

Cokoka mphepoyo ndi fani. Pa thirakitala ndi malole ambiri, fani izunguzidwa ndi lamba wocokera ku injini. Koma mabasi ambiri akuluakulu ali ndi injini kumbuyo ndi rediyeta m'mbali, kumene lamba safika bwino. Pamenepo fani imayendetsedwa ndi oilo. Injini izunguza pampu. Pampu ikankha oilo mwamphamvu m'paipi. Oiloyo azunguza kamota kogwira fani, nabwerera ku thanki yace. Palinso kacipangizo kakumva kutentha kwa madzi. M'mawa, madzi akali ozizira, kamapatutsa oilo wina kuti fani iyende pang'onopang'ono, dizilo asapite pacabe. Masana pokwera citunda kamalola oilo yense, fani nithamanga. Tsono paipi ikabooka, oilo natha, fani imaima cinkana injini iri kulira, ndipo posacedwa madzi awira.

Kumbukirani malangizo awa:

1. Musatsegule cibvundikiro ca rediyeta yotentha. Madzi a mumphika amawira pa madigiri pafupifupi 100, koma otsekeredwa angapose 110 osawira. Mukatsegula amatumphuka nthawi yomweyo, nakupsyerezani manja ndi nkhope.

2. Musathire madzi ozizira m'injini yotentha. Citsulo cingang'aluke monga mphika wadothi, ndipo kukonza kwace kudya ndalama zambiri.

3. Madzi a matope, onga a mumtsinje wa Thuchila nthawi ya dzinja, amatseka timipope. Thirani madzi oyera okha.

4. M'mawa, injini isanalire, cotsani pfumbi, udzu ndi mankhusu pa rediyeta. Yesani lamba ngati ali wolimba, ndi kusuzumira pansi ngati oilo kapena madzi adontha. Musayandikize dzanja ku fani injini ikulira, pakuti imadula zala.

Inu apaulendo, musakakamize dalaivala kuti athire madzi msanga. Mlekeni adikire injini izizire. Aphunzitsi, uzani ana a sukulu kuti asamaunjikane pa galimoto yowira. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.