Kusintha Beringi Yakumbuyo ya Toyota Vitz Pakhomo

Beringi siifa mwakachetechete. Imayamba ndi kulira kwa pansipansi, kuti wuuu, mukafika pa liwiro la makilomita 50 kapena 60 pa ola, ndipo kumakulirakulira mukamaonjezera moto. Koma musathamangire kukagula sipeya, chifukwa tayala lodyeka mbali imodzi limaliranso chimodzimodzi. Mvetserani pokhota. Ngati phokoso likukula mukamakhotera kumanzere, nthawi zambiri yatha ndi ya kumanja, chifukwa ndi kumene kulemera kwa galimoto kwapita. Mukafika pakhomo, kwezani galimoto, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Kenako lizungulitseni, dzanja lina litagwira sipuling'i. Beringi yakutha imatumiza kanjenjemera kokhakhala kamene zala zimamva bwino kuposa khutu.

Ndikunena za Vitz ya pakati pa 2005 ndi 2010, yokoka ndi matayala akutsogolo, monga KSP90 ndi SCP90, imene yadzaza m'misewu yathu kuchokera ku Japan. Ubwino wake ndi woti beringi yakumbuyo inamatidwa m'kati mwa habu. Simuipaka girisi, simuifunira puresi. Mumachotsa habu yonse n'kuika ina. Pokagula tengani nambala ya chasisi, ndipo onetsetsani kuti habuyo ili ndi polowetsa waya wa ABS ngati yanu ili napo. Ine ya kaunjika sindiilimbikitsa, chifukwa simungaone m'kati mwake kuti yayenda zaka zingati.

Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba, ikani giya pa P kapena giya yoyamba, ndipo tsekerani matayala akutsogolo ndi miyala kapena zipika, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Izi n'zofunika chifukwa handibuleki muyenera kuimasula, apo ayi dilamu silituluka. Fewetsani manati a tayala ndi soketi ya 21 galimoto isanakwezedwe. Mukaikweza, musaisiye pa jeke yokha. Ikani sitandi, kapena chipika chachikulu cha mtengo wolimba. Njerwa ayi, chonde. Imaoneka yamphamvu koma imaphwanyika mosachenjeza. Tayala mwachotsalo ligonekeni pansi pa galimoto.

Dilamu likakanirira, yang'anani timabowo tiwiri ta mazinga pankhope pake. Lowetsanimo mabawuti a M8, muziwamanga mosinthanasinthana pang'onopang'ono, dilamulo lidzikankha lokha. Fumbi la mabuleki lipukuteni ndi nsalu yonyowa, osaliuzira ndi pakamwa. Ndipo uzani ana kuti asalowe m'galimoto, chifukwa wina akaponda buleki dilamu litachoka, mapisitoni amatuluka, mafuta a buleki n'kutayika.

Suzumirani kuseri, mumasule waya wa ABS. Kapulasitiki kake kamakhala katauma ndi fumbi ndi dzuwa, ndiye kapanikizeni mofatsa, musakoke wayawo. Habu imagwidwa ndi mabawuti anayi. Mabawuti omwewo ndi amene amagwiranso chitsulo chonyamula mabuleki, choncho akachoka chimalendewera. Chimangireni ndi waya kuti paipi ya buleki isapindike.

Apa ndi pamene ntchito imavuta. Galimoto imene yadutsa m'matope nyengo za mvula zingapo imakhala kuti habu yake yagwirana ndi dzimbiri. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri monga WD-40 mozungulira, dikirani mphindi 15, kenako menyani habu yakaleyo ndi hamala, mbali iyi, mbali inayo, mpaka muone kampata kakutseguka. Yakaleyo imenyeni mmene mungafunire, koma yatsopano isakhudzidwe ndi hamala ngakhale kamodzi, chifukwa kumenya kumasiya timaenje m'njira ya timipira ta m'kati ndipo imayamba kulira isanathe miyezi.

Musanaike yatsopano, palani pamene imakhalapo ndi burashi ya waya kapena sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Ambiri amadumpha pamenepa, ndipo zimandipweteka, chifukwa ndinaonapo habu yatsopano itakhala mopendekeka chifukwa cha kachibenthu ka dzimbiri kochepa ngati njere ya mapira. Mwini wake ankadandaula kuti anamugulitsa sipeya yabodza, pamene vuto linali kachibenthuko. Yendetsanipo chala, ngati chikukodwa penapake, palaninso.

Lowetsani habu, polowera waya pakuloza kumene panaloza poyamba. Yambani mabawuti onse anayi ndi zala kuti mazinga asapingasane, kenako amangeni modumphitsa mpaka 90 Nm ndi torque wrench, ngakhale yobwereka. Lumikizani waya mpaka mumve kuti tswa, bwezerani dilamu ndi tayala, tsitsani galimoto, ndipo manati a tayala muwamange pa 103 Nm.

Musanatuluke pageti, pondani buleki kangapo ndipo kokani handibuleki kuti muone ngati ikugwira. Lizani injini: nyali ya ABS iyake kwa kanthawi kenako izime. Ikapanda kuzima, yambani mwayang'ana wayayo. Yendani makilomita ochepa mawindo ali otseka, wailesi ili chete, ndipo mukabwerera yandikizani dzanja pa limu, muyerekeze kutentha kwake ndi kwa mbali inayo. Mukayenda makilomita 50, manati aja ayeseninso.