Musanaimbe wezulo: kukonzekera kuphunzitsa ana mpira ku Chipata

Ana a ku Kapata, ku Mchini, ku Navutika ndi ku Magazine safuna wowauza kuti mpira ndi wokoma. Akangoweruka kusukulu mumawapeza pamalo aliwonse opanda nyumba, miyala iwiri uku, miyala iwiri uko, chimpombwa pakati, fumbi lili koboo. Amene amasowa ndi munthu wamkulu wowasonkhanitsa pa tsiku lodziwika ndi kuwaphunzitsa mosawaopseza. Ngati mwaganiza zokhala munthu ameneyu, ntchito yanu yambiri ili kunja kwa bwalo, ndipo iyenera kutha mpira usanagundidwe n'komwe.

Yambani ndi eni ana. Gulani kope lachikuto cholimba, muyende nalo khomo ndi khomo. Ana ambiri amaleredwa ndi ambuya awo, azakhali kapena amalume, choncho funsani amene amagona naye nyumba imodzi, ndiye mulankhule naye. Mukafika odirani, khalani pansi, fotokozani bwinobwino: "Amayi, mwana wanuyu ndikufuna azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo azifika pano dzuwa lisanalowe." M'kopemo lembani dzina la mwana, sukulu ndi giredi yake, nambala ya foni ya womulera, ndi matenda amene ali nawo, monga mphumu, khunyu kapena sickle cell. Tsiku lobadwa musalitenge pakamwa. Pemphani khadi la kusikelo kapena setifiketi yobadwira, mukopere zimene zalembedwapo. Kunama zaka kwaononga mpira wa ana m'malo ambiri: mnyamata wa zaka 15 akalowa m'timu ya ana a zaka 12, zigoli zimabwera ndithu, koma ang'onoang'ono amavulala ndipo ena amaleka mpira mpaka kalekale.

Kenaka bwalo. Ngati ndi la sukulu, kaonaneni ndi a hedi. Ngati ndi la tchalitchi, akulu a mpingo. Kumudzi, a mfumu. Gwirizanani masiku ndi maola, ndipo zilembedwe, chifukwa bwalo lomwelo timu ya akuluakulu imalifunanso madzulo, ndipo pamkangano wotere ana ndiwo amathamangitsidwa. Mukapatsidwa, liyendeni lonse pang'onopang'ono muli ndi thumba m'manja. Tolani magalasi, mawaya, misomali ndi zitini, kwirirani maenje, zulani zitsa. Ana ambiri asewera opanda nsapato, ndiye kutola kumeneku kukhale kwa tsiku lililonse. Gwedezani mitengo ya magolo muone ngati chiswe sichinaidye pansi. Mizere mutha kuilemba ndi phulusa.

Musagwire ntchitoyi nokha. Pezani wamkulu wina wodalirika woti azikhalapo nthawi zonse, ndipo ngati m'timu muli atsikana, mmodzi mwa akuluakuluwo akhale mayi. Atsikana aitaneni ndithu. Amene anaona Barbra Banda akugoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, kapena timu ya dziko ya amayi, Copper Queens, ikusewera World Cup mu 2023, sangamanenenso kuti mpira ndi wa anyamata okha. Malamulo anu inu akuluakulu akhale omveka kuyambira tsiku loyamba: palibe kukhala ndi mwana awiriwiri pamalo obisika, palibe kuitanira mwana kunyumba kwa kochi, palibe mbama, chikoti kapena kutukwana. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaletsa kulanga mwana pomumenya, ndipo kochi sali pamwamba pa lamuloli. Mwana akakuululirani kuti wina akumuzunza, mumvetsereni, musamukalipire, ndipo nkhaniyo muifikitse ku ofesi yoona za umoyo wa ana, kupolisi, kapena muimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Pa zipangizo, ndalama yoyamba isapite ku majezi. Ipite ku mipira ndi pampu. Ana osakwana zaka 8 amayenera mpira wa saizi 3, a zaka 8 mpaka 12 saizi 4, ndipo saizi 5 ndi wa amene apitirira pamenepo. Mpira wa akuluakulu umalemera mwana wamng'ono mpaka kuzolowera kuumenya ndi chala chakuphazi. Mipira yogula ikachepa musanyoze chimpombwa. Uzani mwana aliyense abwere ndi chake, chomangidwa bwino, kuti pasapezeke phazi losowa chogunda. Mabotolo apulasitiki othiramo mchenga amagwira ntchito ya makoni. Posiyanitsa magulu, ng'ambani chitenje chakale mupange malamba omanga m'chiuno.

Tsopano tifike pa phunziro lenilenilo, pamene makochi atsopano ambiri amasochera. Amachita zimene anaona ku matimu a akuluakulu: ana azungulire bwalo kasanu, kenaka aime pamzere umodzi wautali, aliyense adikire kumenya mpira kamodzi. Werengani nokha. Ana 20, mpira umodzi, mwana aliyense amaukhudza kamodzi pa mphindi zingapo, ndipo nthawi yotsalayo akukankhana ndi kuponyerana miyala. Pamenepo kochi amapsa mtima n'kumati ana a masiku ano samva, chonsecho vuto ndi mzerewo.

Kwa ana osapitirira zaka 12, ola limodzi ndi lokwanira. Lembani dongosolo lake papepala usiku wake, musadalire mutu. Mphindi 10 zoyamba zikhale za kutenthetsa thupi mwa masewera: chipako chimathamangitsa ana kuposa kuzungulira bwalo, ndipo amathamanga akuseka. Mphindi 15 zotsatira mwana aliyense akhale ndi mpira wake m'bwalo laling'ono la mabotolo anayi, aziuyendetsa ndi mkati mwa phazi, kunja kwa phazi, kuuponda, kutembenuka, mwendo wamanja kenaka wamanzere. Mukaimba wezulo onse auimitse, mukaimbanso asinthe njira. Mphindi zina 10 akhale awiriawiri kapena atatuatatu, kupatsirana ndi kulandira. Sankhani chinthu chimodzi chokha pa tsiku. Ngati lero ndi kulandira mpira ndi mkati mwa phazi, za kumenya makona zidikire sabata yamawa. Onetsani ndi thupi lanu, mawu akhale ochepa. Mukalankhula kupitirira theka la mphindi maso a ana amakhala apita kale ku njinga zimene zikudutsa pamsewu.

Nthawi yotsala yonse ikhale ya kusewera, koma osati 11 kwa 11 pabwalo lonse. Dulani bwalolo patatu kapena panayi, azisewera anayi kwa anayi kapena asanu kwa asanu, magolo ang'onoang'ono. Apa mwana wamanyazi uja sangabisale, mpira umamupeza wokha. Musamulamule mwana aliyense pamene ali ndi mpira kuti "menya!", "pereka!". Mulekeni asankhe, alakwitse, ndipo pakupuma mumufunse: "Pajapa ukanaupereka kwa ndani?" Amene akufuna kudyetsa anzake njomba musamuletse msanga. Pagolo azisinthana, chifukwa mwana wonenepa kapena wochedwa kuthamanga si ndiye kuti anabadwira ugolokipa. Za kumenya mpira ndi mutu musafulumire nazo: bungwe la mpira la ku United States linaletsa zimenezi mu 2015 kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi poopa kuvulaza ubongo.

Nyengo ya kuno ilowe m'dongosolo lanu. Mu Okutobala ndi Novembala yambani dzuwa litapendeka, ndipo ana azimwa madzi pakatha mphindi 15 zilizonse, aliyense m'botolo lake. Mu Juni ndi Julayi mdima umagwa msanga, 18:00 isanakwane, ndiye muziweruka nthawi ilipo. M'dzinja mukamva bingu chotsani ana pabwalo nthawi yomweyo, alowe m'kalasi kapena m'nyumba, osati pansi pa mtengo wa mango, ndipo musabwerere mpaka patatha mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza. Ana akumidzi amafunika kumunda nthawi yobzala ndi yopalira. A giredi 7 amafunika mpata wowerenga mayeso akayandikira. Mwana amene wajomba pa zifukwa zimenezi asalangidwe.

M'chikwama chanu musasowe magolovesi, thonje, bandeji, pulasitala, sopo ndi madzi oyera. Bala litsukeni ndi kuliphimba. Mwana akabinya, asapitirize. Muikeni nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndipo musakoke mwendowo kapena kuutikita. Wolasidwa ndi msomali apite kukiliniki chifukwa cha kafumbata. Wogundidwa m'mutu n'kumachita chizungulire, kusanza kapena kuiwala zimene zachitika, tsiku limenelo mpira watha, ngakhale atalira bwanji. Itanani womulera, apite naye kuchipatala. Dziwiranitu kiliniki yapafupi, ndi munthu wa njinga kapena galimoto amene angakufikitseni msanga ku Chipata Central Hospital.

Masewera oyamba ndi timu ina musathamangire. Papite mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo muyambe ndi timu ya komboni yoyandikana nayo, yofikako wapansi. Uzani makolo pasadakhale kuti mwana aliyense amene amabwera kudzaphunzira adzasewera osachepera theka la nthawi, ngakhale timu ikugonja. Padzakhala atate wina wodzanena kuti, "A kochi, mwana wanga ndiye Fashion Sakala wamawa, mukumutulutsiranji?" Ayankheni mwaulemu. N'zoona kuti Sakala anabadwira kuno ku Chipata, anali m'timu ya achinyamata osapitirira zaka 20 imene inatenga chikho cha Africa mu 2017, ndipo mu 2021 anapita ku Rangers ya ku Scotland. Koma pa zaka 10 palibe kochi amene angaloze motsimikiza mwana wodzafika kutali, ndipo wamng'ono thupi lero akhoza kudzawapitirira onse akamafika zaka 16. Musalonjeze kholo lililonse za ku Lusaka kapena ku Ulaya.

Ndalama iliyonse yosonkha, ya mpira kapena ya mayendedwe, isungidwe ndi kholo losankhidwa ndi anzake, osati inu, ndipo iziwerengedwa pamaso pa onse pakutha kwa temu. Ngati mukufuna kuzama pa ukochi, funsani akuluakulu a bungwe la mpira la FAZ a m'chigawo cha Kum'mawa za maphunziro oyambira a makochi ndi za kalembetsedwe ka timu m'mipikisano ya ana.