Mbaula ya Dothi: Nkhuni Zochepa Pakhomo, Malonda kwa Woumba

Aliyense wophika m'boma la Milange ku Mozambique akudziwa kuti nkhuni zatalikira. Mtolo umene kale unkatoledwa kuseri kwa mudzi lero umafuna kulawirira, ndipo m'tauni ndi wogula. Mitengo ikatha m'phiri, mavuto sathera kukhitchini. Akuluakulu akukumbukira Januwale wa 1998, pamene matope ndi miyala zidagumuka m'phiri la Tumbine n'kukwirira nyumba ndi anthu, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy adachita zomwezo ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mbaula ya dothi siingaletse mvula. Chimene ingathe ndi kuchepetsa nkhuni zimene banja limatentha tsiku ndi tsiku, ndipo popeza imaumbidwa pamanja ndi dothi la kudambo, ingakhalenso malonda a anthu a konkuno. Ku Malawi amaitcha Chitetezo Mbaula. Idafala kuchokera ku Mulanje, kungowoloka pa Muloza, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, ndipo idali m'gulu la mbaula 2 miliyoni zimene boma la Malawi lidalinga kufikitsa m'makomo pofika 2020.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Pamafuwa moto umayaka pamtetete, mphepo imaupeperetsa uku ndi uko, ndipo kutentha kochuluka kumathera m'mbali osakhudza poto. Mbaula imatsekera motowo m'chipupa chadothi chokhala ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni ndi mpweya. Pamwamba pali timiyendo titatu tokhazikapo poto, tosiya kampata kakang'ono kuti malawi azinyambita pansi ndi m'mbali mwa poto asanatuluke. Dothi likatentha limasunga moto, choncho nyemba zimapitiriza kubwata ndi nkhuni ziwiri zokha. Poyesa mbaula zoumbidwa bwino zapezeka kuti zimapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni, ndiye kuti mitolo iwiri imagwira ntchito ya itatu. Kwa mlimi wa kuno phindu lake n'loposa pamenepo, chifukwa mbaulayi imalola mitengo ya nandolo, zitsononkho ndi timitengo tating'ono tomwe pamafuwa timangolilima n'kutha. Boma lolima nandolo ngati lino lili ndi nkhuni m'munda chaka ndi chaka popanda kugwetsa mtengo.

Amayi ambiri amati mafuwa ndi aulere, amalandira mphika uliwonse, ndipo sagwedera povundula nsima. Mawuwa ali ndi nzeru. Thobwa la paukwati, nsima ya pamaliro ndi mgolo wa madzi zidzafunabe mafuwa, ndipo m'nyengo yachisanu ya Juni ndi Julayi anthu adzafunabe moto wowotha. Koma zimenezi ndi za masiku owerengeka. Phala la m'mawa, ndiwo ndi nsima ya banja ndizo zimadya nkhuni chaka chonse, ndipo pamenepo ndi pomwe mbaula imapambana. Za kugwedera, ikhazikeni pamalo osalala, kapena imateni ndi dothi pansi m'khitchini kuti ikhale yokhazikika, mthiko sudzaisuntha. Ulere wa mafuwa nawo ngwapakamwa chabe, pakuti amene amasenza mtolo kuchokera kuphiri ndiye amaulipira ndi msana.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti imasweka. Imasweka ndithu ikagwetsedwa, ikathiridwa madzi ili yamoto, kapena nkhuni zikamakankhidwa mwamphamvu pakhomo pake. Koma mbaula zambiri zong'aluka msanga zimakhala zitalakwika kwa woumba. Dothi liyenera kukhala la mtapo, lomwe oumba miphika amalidziwa, lochotsedwa miyala ndi mizu, lonyowetsedwa n'kuvundikiridwa m'dzenje kwa masabata angapo, kenako lopondedwa mpaka lifewe mofanana. Poumba pamafunika chikombole, osati kungoyeza ndi maso. Apa ndi pomwe amisiri odziwa kale miphika amapunthwa, chifukwa mphika ukakula pang'ono palibe chovuta, koma mbaula ikakula khomo imameza nkhuni ngati mafuwa omwe aja, ndipo timiyendo tikafupika moto umatsamwa n'kuyamba kufuka. Ikaumbidwa iume pamthunzi pang'onopang'ono, poyamba itaphimbidwa, kwa masabata awiri kapena atatu. Kuiyanika padzuwa kuti ifulumire ndiko kuitana ming'alu. Kuwotcha kukhale kwa mu uvuni, mbaula zambiri nthawi imodzi, moto woyamba pang'ono, ndipo uvuni usatsekulidwe usanazizire. Yopsa bwino imalira mukaigogoda ndi chala. Yolira mogonthama musagule, musagulitsenso.

Za utsi tinene mosabisa. Mbaulayi imauchepetsa mukagwiritsa nkhuni zouma, zowaza ting'onoting'ono, koma siiuthetsa. Kafukufuku wamkulu amene adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, adapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zokhala ndi fani sizidachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Choncho wogulitsa asalonjeze kuti ndi mankhwala. Phikirani panja kapena m'khitchini ya mawindo, ndipo mwana asamakhale kumsana pamene utsi uli tolotolo. Chitetezo chake chenicheni ndi chakuti makala sabalalika, ndipo mwana wokwawa sagwera pamoto mosavuta.

Kwa ofuna kuumba zogulitsa, ntchitoyi imayenda bwino pagulu, chifukwa uvuni ndi chikombole zimakhala zogawana ndipo kuwotcha mbaula zochepa kumawononga nkhuni zomwe mukufuna kupulumutsazo. Umbani m'chilimwe, ntchito ya kumunda itachepa, pamenenso anthu agulitsa chimanga ndi nandolo ndipo ali ndi kangachepe m'thumba. Msika ulipo mbali zonse ziwiri, ku Milange ndi ku Limbuli, koma ku Limbuliko, tsidya la ku Malawi, oumba ndi ambiri ndipo mabungwe ena amagawa mbaula motchipa kapena mwaulere, kotero kuti midzi ya Majaua ndi Mongue ingakhale yabwino kuyambirapo. Pamtengo werengerani zosweka mu uvuni ndi panjira, ndipo ponyamula panjinga ziyalireni udzu m'dengu. Pamsika kolezani moto, terekani madzi pambaula ndi pamafuwa nthawi imodzi, ogula aone okha nkhuni zotsala. Alangizi a ku ofesi ya boma yoona za ulimi ya SDAE ndiwo oyamba kuwafunsa za maphunziro ndi za kumene mungapeze chikombole cha miyeso yoyenera.