Eugène Boudin: Mmisiri Wojambula Mitambo ndi Gombe

Pa phunziro lathu la zaluso, tiyeni tione munthu amene anathera moyo wake akuyang'ana thambo ndi nyanja.

Moyo wake

Boudin anabadwa mu 1824 ku Honfleur, tauni ya padoko kumpoto kwa France. Bambo ake anali munthu wa m'zombo, ndipo iyenso ali mwana anagwirako ntchito m'sitima yapamadzi. Atakula anatsegula sitolo ya mapepala ndi mafelemu a zithunzi ku Le Havre, komwe anadziwana ndi akatswiri ojambula onga Millet. Ali ndi zaka 22 anasiya malonda nayamba kujambula. Anamwalira ku Deauville mu 1898.

Kajambulidwe kake

Masiku amenewo ojambula ambiri ankagwirira ntchito m'nyumba. Boudin ankanyamula utoto ndi maburashi kupita kugombe la Trouville. Chifukwa chake n'chakuti kuwala sikudikira munthu. Madzi amene ali otuwa m'mamawa amabiriwira masana, ndipo dzuwa likamalowa amafiira. Mtambo umodzi ukangophimba dzuwa, mtundu wa mchenga ndi wa mafunde umasintha nthawi yomweyo. Wofuna kujambula zimenezi ayenera kukhala pomwepo, dzanja lili changu.

Pa zithunzi zake zambiri, thambo limatenga malo aakulu koposa. Nyanja, zombo ndi anthu oyenda pamchenga amaoneka aang'ono m'munsi. Pojambula mitambo ndi choko cha mitundumitundu, ankalemba m'mphepete mwa pepala tsiku, ola ndi kumene mphepo inkachokera. Mmisiri mnzake, Corot, anamutcha mfumu ya thambo.

Tikuphunzirapo chiyani?

Ku Le Havre, Boudin anakumana ndi mnyamata wina amene ankajambula zithunzi zoseketsa za nkhope za anthu. Anamukopa kuti azikajambulira limodzi panja. Poyamba mnyamatayo anakana, koma pambuyo pake anamvera. Ameneyu ndiye Claude Monet, amene anadzatchuka kuposa mphunzitsi wake, ndipo sanaleke kumuyamikira. Chachikulu chimene Boudin anamupatsa chinali chizolowezi choyang'anitsitsa chinthu mmene chilili pa nthawi imeneyo. Wophunzira wongodalira zimene anazolowera amajambula thambo lobiriwira ngakhale kunja kuli mitambo ya mvula.

Zoti muchite

Sankhani mtengo kapena phiri limodzi. Liyang'aneni m'mamawa, masana ndi madzulo, ndipo mulembe mitundu imene mukuona. Kodi mthunzi wake ndi wakuda nthawi zonse?