Dziwani ufulu wanu: agalu oyendayenda ndi chiwewe

Galu wamkazi amatha kuswa kawiri pa chaka, ndipo tiana tikasowa wotisamalira timathera kumtaya ndi m'misika. Kumeneko n'kumene chiwewe chimafalikira.

Galu akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala. Muli ndi ufulu wolandira chithandizo, ndipo musadikire zizindikiro chifukwa zikayamba kuoneka matendawa sachizika. Kanenaninso kwa mlangizi wa ziweto kuti galuyo aunikidwe.

Lamulo la Protection of Animals Act limaletsa kuzunza nyama. Mukaona munthu akumenya galu mwankhanza, mutha kukamuneneza kupolisi.

Mwini galu alinso ndi udindo. Bayitsani galu wanu katemera chaka chilichonse ndi kusunga chiphaso chake. Agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, chiwewe chimaleka kufalikira, n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu ku Blantyre kuyambira 2015. Kupha agalu oyendayenda sikuthetsa vutoli, pakuti ena amabwera kudzadya pamalo omwewo. Ngati simukufuna tiana, pitani ndi galu wanu kwa dokotala wa ziweto kapena ku bungwe la LSPCA ku Lilongwe akamufule kapena kumutseka kubereka.