Mkonono umene adokotala sanauzidwe

Bambo wina woyendetsa minibasi pakati pa Lilongwe ndi Dedza anapita kuchipatala akudandaula za mutu wam'mawa ndi kutopa. Adokotala anapeza kuti BP yawo yakwera, anawalembera mankhwala, kenako anafunsa ngati pali china chowavuta. "Ayi adokotala, ndi zomwezo basi." Za tulo sananene kanthu, poganiza kuti mwamuna wamkulu sangakaime pamzere chifukwa chodzukadzuka usiku. Anabisanso za timapiritsi togonetsa ta diazepam timene ankagula mwamseri pamsika. Anayamba ndi kamodzi, koma pofika nthawiyi ankamwa tiwiri.

Amene ankadziwa zenizeni ndi akazi awo, koma iwo anatsala kunyumba. Usiku uliwonse bamboyo ankaliza mkonono womveka mpaka kuchipinda cha ana, kenako n'kungoti zii, chifuwa chikukoka koma mpweya osalowa. Mayiwo ankadikira mtima uli m'mwamba mpaka amuna awo atadzidzimuka ngati atsamwa. Ankawagwedeza n'kuti, "Bambo a ana, tembenukani, mugone chammbali."

Vutoli madokotala amalitcha sleep apnoea. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imalefuka n'kutseka njira ya mpweya, ndipo ubongo umamudzutsa kambirimbiri iye osadziwa. Limakonda anthu onenepa, limakweza BP, ndipo munthu amacheredwa ali wotopa ngakhale wakhala pabedi maola 8. Chimene chimandipweteka n'chakuti diazepam amalefula minofu yomweyo, monganso mowa. Mankhwala amene bamboyo ankadalira ndi amene ankawonjezera kubanika kwawo.

Tsiku lina masana, atangodutsa Nathenje, anasinza pachiwongolero. Minibasi inasiya msewu n'kukagwera m'ngalande. Palibe anamwalira, koma mayi wina amene ankapita kukagulitsa tomato anathyoka mkono, ndipo bamboyo anavulala nthiti.

Kuwodi, akazi awo ndi amene anaulula za mkonono ndi mapiritsi aja. Apa m'pamene adokotala anayamba kufunsa mafunso amene akanafunsa kalekale akanapatsidwa poyambira. Mumagona nthawi yanji? Tulo timavuta kubwera, kapena timathawa mbandakucha? Mumadzuka kangati kukakodza? Tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu mumamwa mpaka nthawi yanji? Funso lililonse lili ndi kumene likulowera. Kukodzakodza usiku kungakhale shuga. Kudzuka 3 koloko maganizo ali mbwee kungakhale matenda a nkhawa kapena kukhumudwa. Ena amasowa tulo chifukwa cha ma ARV okhala ndi dolutegravir, ndipo achipatala amangowalangiza kumwa m'mawa m'malo mwa usiku. Kusowa tulo katatu pamlungu kwa miyezi itatu ndi matenda oyenera kulembedwa m'buku la kuchipatala, ndipo dokotala amene ali ndi anthu ambiri pabenchi sangalote zimene simunamuuze.

Diazepam uja adokotala sanamuletse tsiku limodzi, chifukwa thupi likamuzolowera, kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa kunjenjemera ngakhale kukomoka. Anachepetsa mlingo pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, anawauza bamboyo kuti achepetse thupi, asiye mowa, azigona chammbali, ndipo asagwire chiwongolero mpaka kusinza masana kutatha. Mwini minibasi sanadikire, anapereka makiyi kwa dalaivala wina.