Kakonzedwe ka Nyumba Yopangiramo Mafelemu a Njinga

Kuno kum'mawa njinga ndiyo ngolo ya mlimi. Imanyamula matumba a cimanga, feteleza ndi odwala omwe, ndipo n'zosadabwitsa kuti ku Chipata kunali fakitale ya njinga ya Luangwa Industries. Katundu akacuruka, felemu imang'aluka polumikizira mapaipi. Ena mwa ife tikulingalira zotsegula malo okonzera ndi kupangira mafelemu m'cilimwe, nchito ya kumunda ikacepa, motero tiyenera kudziwa moika zinthu m'nyumbamo.

Tisanakhome benci iliyonse, titsate ulendo wa paipi. Imalowa, imadulidwa, imapalidwa, imamangidwa pa cikombole, imawochereredwa, kenaka imapakidwa penti. Malo a nchito zimenezi atsatane momwemo, kuti citsulo cisabwerere m'mbuyo. Mapaipi ambiri amagulitsidwa otalika mamita 6, conco thandala losungirapo likhale pafupi ndi khomo, motsata cipupa cacitali. Benci yodulirapo ikhale pomwepo, ndipo vaisi ifike m'cigongono ca munthu ataimirira, pakuti yotsika imapweteka msana.

Malo oyenera kuwaganizira kwambiri ndi a cikombole, ndilo thebulo lacitsulo logwira mapaipi kuti asasunthe powocherera. Tiliike pakati pa nyumba, pa simenti yosalala, ndi mpata wa mita imodzi mbali zonse, cifukwa wowocherera amazungulira mfundo iliyonse ndi moto. Thebulo lotsamira cipupa limamukakamiza kutentha mbali imodzi kwa nthawi yaitali. Citsulo cimakokera kumene kwatentha, ndipo felemu imapotoka. Njinga yotero imayenda cammbali ngati nkhanu, imadya matayala, ndipo pamtsetse, itasenza matumba awiri, ingathe kugwetsa mwini wake. Pathebuloli pasakhomedwe kanthu ndi hamala. Pambali pake pakhale cingwe coyesera: timacimanga pomwe pamalowa wilo lakumbuyo, kucizunguliza kupaipi ya kutsogolo, n'kucibweza mbali inayo. Mpata wa pakati pa cingwe ndi paipi ya cishalo ukasiyana uku ndi uku, felemu njokhota.

Mabotolo a gasi aime ciriri, omangidwa ndi cheni kucipupa, kutali ndi dzuwa ndi nthethe za moto. La acetylene lisagonekedwe, pakuti muli madzi a acetone amene angalowe m'paipi ya gasi. Girizi ndi oilo zisakhudze botolo la oxygen, popeza zingayake zokha. N'cifukwa cake malo okonzera macheni ndi mabelingi tiwaike kumapeto ena a nyumba. Zenera likhale pafupi ndi moto kuti utsi uzituruka. Mapaipi a madzi, aja okutidwa ndi zinki, tiwapewe ndithu: ngolemera, ndipo utsi wake umadwalitsa.

Penti ndi thina asasungidwe m'cipinda ca moto. Khonde lakunja lochingidwa ku mphepo likwanira, malinga fumbi la tupa lisafikeko, cifukwa limamatirira pa penti wosauma.

Amene alibe ndalama ya benci zambiri asade nkhawa. Ayambe ajambula malo onse ndi coko pansi, ayende ndi paipi yathunthu kucokera pakhomo kufikira pakhonde, aone pamene ikugunda cipupa kapena mnzake, kenaka asunthe mizere asanagule simenti.